Makiyi a moyo wanu wa pa intaneti akhale m'thumba mwanu

Pa 4 October 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima nthawi imodzi, ndipo zinakhala chete kwa maola pafupifupi 6. Sikuti kunalowa mbava ayi. Akatswiri a kampani ya Facebook, mwini wa zonse zitatuzi, ndiwo anaphonyetsa pokonza makina awo, anthu padziko lonse n'kungoti kakasi. Tsiku limenelo ambiri anazindikira kuti njira yawo yolankhulira ndi abale, makasitomala ndi anzawo a kuntchito inali imodzi yokha, ndipo mwini wake anali wina.

Tadzifunsani: mawa m'mawa akaunti yanu ya Google, Apple kapena Microsoft itakana kutseguka, mungatsale ndi chiyani? Kwa ambiri a ife, imelo, zithunzi za ana, manambala a foni, makalata a ntchito ndi mapasiwedi zonse zili kuseri kwa chitseko chimodzi. Akuluakulu anati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, koma ife tinakasiya phukusi lonse kwa eni nyumba omwe amasintha malamulo tsiku limene afuna. Google Reader inatsekedwa mu 2013 anthu akuikondabe. Google Photos inasiya kusunga zithunzi zopanda malire mwaulere pa 1 June 2021. Za chinsinsi ndiye osanena: mu 2013 Edward Snowden anaulula mmene azondi a boma la America ankapezera uthenga wa anthu kudzera m'makampani akuluakulu, ndipo mu 2018 zinadziwika kuti mbiri za anthu okwana mwina 87 miliyoni a pa Facebook zinafika m'manja mwa Cambridge Analytica, kampani yothandiza andale pa kampeni.

Sindikukuuzani kuti mufufute zonse usiku umodzi. Amene amatero amabwerera pasanathe mlungu, atakhumudwa. Chimene tikufuna n'chakuti pasakhale kampani imodzi imene itakutsekerani chitseko mungagone panja. Ndipo pa ntchito imeneyi, chimene mwayamba nacho ndi chimene mwatsiriza nacho ndiye nkhani yaikulu, kuposa dzina la pulogalamu imene mwasankha.

Choyamba: cholembera ndi pepala

Musanaike pulogalamu iliyonse, lembani papepala zonse zimene zikudalira akaunti yanu yaikulu. Tsegulani imelo yanu, mufufuze mawu amene amabwera m'makalata olandirira anthu atsopano ndi otsimikizira adiresi. Mudabwa kuona malo amene munalembetsako n'kuiwala. Kenako lowani pa myaccount.google.com, mbali ya chitetezo, muone mndandanda wa malo amene mumalowera pongodina batani lija la "Sign in with Google". Pa Facebook ndi Apple palinso mndandanda wotere. Amenewa aikeni chizindikiro, chifukwa alibe kiyi wawowawo: akaunti yaikulu ikagwa, onse amagwera limodzi.

Chachiwiri: tengani katundu wanu

Google ili ndi khomo lotulutsira katundu lotchedwa Takeout, pa takeout.google.com. Apple ili ndi privacy.apple.com, ndipo Facebook nayo imalola kutsitsa zonse zimene munaikapo. M'maiko a European Union, kutenga deta yako m'njira yoti ungapite nayo kwina ndi ufulu wa m'lamulo la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018, koma makomo amenewa ndi otseguka kwa anthu a kwina konse.

Sankhani zimene mukufuna, mudikire. Pamatha maola, nthawi zina masiku, kenako mumalandira linki imene imafa pakatha pafupifupi mlungu umodzi, choncho musazengereze. Maimelo amabwera mu fayilo ya MBOX, manambala mu vCard, kalendala mu ICS. Zimenezi mapulogalamu ambiri amaziwerenga, Thunderbird, pulogalamu ya imelo ya pa kompyuta, ndi imodzi mwa iwo. Pa zithunzi pali kamsampha. Chithunzi chilichonse chimabwera ndi kafayilo kakang'ono ka JSON pambali pake, ndipo munthu ukationa tambirimbiri umaganiza kuti ndi zinyalala. Musatifufute. Mmenemo ndi mmene muli tsiku, malo ndi mawu amene munalemba pa chithunzicho, ndipo popanda ito zithunzi zina za ukwati wa kalekale zingaoneke ngati zajambulidwa dzulo.

Zonsezi zisungeni pa hard drive yapadera, ndipo mutsegule mafayilo angapo muone ngati akutsegukadi. Lamulo limene odziwa amatsatira ndi la 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo zamitundu iwiri, kope limodzi likhale kutali ndi nyumba. Ngakhale mutalekera pano osapitirira, mwachita kale mbali yaikulu.

Chachitatu: mapasiwedi

Ngati mapasiwedi anu amasungidwa mu Chrome kapena mu foni, ndiye kuti makiyi onse ali m'nyumba yomwe mukufuna kutulukamo. Asamutsireni ku Bitwarden kapena KeePassXC. Bitwarden imasunga bokosi lanu lokhomedwa pa seva ndipo imalifikitsa pa foni ndi pa kompyuta. KeePassXC imangokupatsani fayilo imodzi yokhomedwa, kusunga kwake kuli kwa inu. Kwa munthu woyamba kumene, ine ndingati Bitwarden, chifukwa fayilo imodzi sichedwa kutayika.

Posamutsa, browser imatulutsa mapasiwedi onse mu fayilo ya CSV. Fayilo imeneyi ilibe loko. Aliyense woitsegula awerenga zonse, dzina ndi pasiwedi, mzere ndi mzere. Mukangoilowetsa mu pulogalamu yatsopano ifufuteni, mukaichotsenso mu bini ya kompyuta. Pasiwedi yaikulu yotsegulira bokosi ikhale mawu asanu kapena asanu ndi limodzi osagwirizana, ndipo muilembe papepala n'kubisa pamalo abwino. Mukaiiwala palibe wokuthandizani, chifukwa ngakhale eni pulogalamu saidziwa, ndipo ubwino wake wagona pomwepo.

Pomwepo konzaninso chitseko chachiwiri, manambala aja osinthasintha amene mumafunsidwa mukalemba pasiwedi. Aegis pa Android, kapena Ente Auth, zimapanga manambalawo pa foni yanu ndipo zimalola kusunga kope. Zimaposa manambala obwera pa SMS, chifukwa mbava zimatha kunamiza kampani ya foni n'kulanda nambala ya munthu. Makodi apangozi amene mumapatsidwa poyamba, alembeni papepala lomwe lija.

Chachinayi: imelo, mzati wa nyumba

Apa tikhalitsapo, chifukwa imelo si malo olandirira makalata chabe. Mukaiwala pasiwedi kulikonse, uthenga wokonzera umapita ku imelo. Wolamulira imelo yanu ndiye akulamulira zina zonse.

Malo odziwika ndi awiri. Proton Mail inayamba mu 2014 ku Geneva, m'dziko la Switzerland, ndipo oyambitsa ake anakumana ku malo ofufuzira za sayansi a CERN. Tuta, imene kale inkatchedwa Tutanota, ili ku Hannover m'dziko la Germany. Zonse ziwiri zimasunga makalata anu atakhomedwa moti ngakhale eni kampani sangawawerenge, ndipo ndalama amazipeza kwa olipira, osati kwa otsatsa malonda. Zili ndi gawo laulere, koma malo ake ndi ochepa, pafupifupi 1 GB, pamene Google imapereka 15 GB. Kusiyana kumeneko kuli ndi chifukwa chake.

Koma tisanamizane. Kalata yochoka ku Proton kupita kwa munthu wa Gmail ikafika imakhala pa makina a Google ngati kalata ina iliyonse. Kukhoma kwa mbali zonse kumatheka ngati nonse muli pamalo amodzi, kapena mwaikira kalatayo pasiwedi. Komanso makampaniwa amamvera malamulo a kwawo: mu 2021 Proton inalamulidwa ndi akuluakulu a ku Switzerland kupereka IP adiresi (nambala yosonyeza kumene chipangizo chalumikizira intaneti) ya munthu wina wochita zionetsero ku France, ndipo inapereka. Zimene zinali m'makalata sizinawerengedwe, koma amene akuganiza kuti kusintha imelo ndi kusanduka mzimu aganizenso.

Ngati mungakwanitse, gulani domain yanuyanu, dzina lija limene limatsatira chizindikiro cha @, monga gmail.com. Imalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo kuti muilumikize ku imelo nthawi zambiri pamafunika gawo lolipira. Phindu lake ndi ili: adiresi imakhala yanu. Mukadzatopa ndi kampani iyi mumangolozera domain yanu kwina, ndipo anthu akupitiriza kukulemberani pa adiresi yomweyo osadziwa n'komwe kuti mwasamuka. Kupanda apo, mwangochoka kwa mwini nyumba uyu kupita kwa uyo. Chenjezo ndi limodzi: musaiwale kulipira. Domain ikatha nthawi wina akhoza kuigula, makalata anu n'kumapita kwa iye.

Kasamukidwe kake ndi aka. Tsegulani adiresi yatsopano. Koperani makalata akale. Proton ili ndi chida chotchedwa Easy Switch chochitira zimenezi. Ku imelo yakale, lamulani kuti kalata iliyonse yofika izitumizidwa ku yatsopano. Ndiye tengani pepala lija, muyambe kusintha adiresi malo ndi malo, kuyambira kumene kungakupwetekeni: banki, za boma, za ntchito, kampani ya foni. Malo aja a batani limodzi, apangireni pasiwedi yawoyawo kaye, kenako musinthe imelo. Atatu patsiku akwanira. Otsalawo adzadziulula okha: kalata ikafika kudzera ku adiresi yakale, mwagwira wina amene munamuiwala, ndipo mumukonze tsiku lomwelo. Ena mudzapeza kuti simukuwafunanso, ingotsekani maakauntiwo.

Chachisanu: browser ndi pofufuzira

Ili ndi gawo la mphindi 10. Ikani Firefox, muonjezere uBlock Origin, kachida ka Raymond Hill kamene kamatchinga zotsatsa ndi tiakazitape totsata munthu tsamba ndi tsamba. Masamba amatseguka msanga ndipo deta imachedwa kutha. Edge, Opera, Brave ndi Vivaldi zonse zinamangidwa pa Chromium, maziko omwewo a Chrome. Firefox ili ndi injini yakeyake. Chodabwitsa n'chakuti ndalama zambiri za Mozilla, eni Firefox, zimachokera ku Google yomweyo, imene imalipira kuti ikhale pofufuzira poyamba. Ndi mmene dzikoli lilili.

Pofufuzira mungasinthe ndi kudina kuwiri. DuckDuckGo sisunga mbiri ya zimene mwafufuza, ngakhale zotsatira zake zambiri zimachokera ku Bing. Startpage imakutengerani zotsatira za Google popanda kukuululani. Brave Search ili ndi kaundula wakewake. Yesani imodzi kwa milungu iwiri. Ikakanika pa funso lina, kubwerera ku Google kamodzi si tchimo.

Chachisanu ndi chimodzi: mauthenga

Apa vuto si pulogalamu, ndi anthu. Simungasamuke nokha n'kumalankhula ndi mphepo.

Signal ndiyo ndingalimbikitse. Imayendetsedwa ndi bungwe losafuna phindu, Signal Foundation, limene linakhazikitsidwa mu 2018 ndi Moxie Marlinspike ndi Brian Acton. Acton ameneyu ndi mmodzi wa amene anayambitsa WhatsApp isanagulidwe ndi Facebook mu 2014. WhatsApp nayo, kuyambira 2016, imakhoma mauthenga onse ndi njira yomweyo ya Signal, ndiye mwina mufunsa kuti kusiyana kuli pati. Kuli pa envelopu. Zam'kati mwa kalata zabisika konse kuwiri, koma zakuti mwalankhula ndi yani, liti, kangati, muli m'magulu ati, zimenezo zimanena zambiri za munthu, ndipo Signal inakonzedwa kuti isunge zochepa kwambiri. Mu 2016 khoti lina ku America litaitanitsa mbiri ya munthu wina, zimene Signal inali nazo zinali tsiku limene anatsegula akaunti ndi tsiku limene analumikizidwa komaliza, basi. Imafunabe nambala ya foni polembetsa, koma kuyambira 2024 mukhoza kupatsa anthu dzina m'malo mwa nambala.

Yambani ndi anthu awiri kapena atatu amene mumalankhula nawo tsiku ndi tsiku, kenako gulu limodzi laling'ono. Osalalikira, anthu amatopa nazo. WhatsApp isiyeni ikhale kwa ena onse, koma lowani mu zosintha zake muyatse loko wa backup, chifukwa kope la macheza anu limene limapita ku Google Drive kapena iCloud silikhomedwa mbali zonse pokhapokha mutayatsa nokha. Telegram ambiri amaiyesa yachinsinsi, koma macheza wamba ndi magulu ake sakhomedwa mbali zonse. Okhomedwa ndi okhawo otchedwa Secret Chat.

Kapume kaye: kodi open source ndiye kuti chitetezo?

Mapulogalamu ambiri amene ndatchula ndi a open source, kutanthauza kuti malangizo amene anawapangira ali poyera, aliyense wodziwa akhoza kuwawerenga, kuwakonza ndi kuwagawa. Ubwino wake waukulu kwa inu ndi ine, amene sitiwerenga malangizowo, ndi woti pulogalamu siifa ndi mwini wake. OpenOffice, pulogalamu yolembera zikalata, itayamba kukayikitsa, anthu anatenga malangizo ake mu 2010 n'kupanga LibreOffice. Nextcloud, yosungira mafayilo pa seva, inabadwa chimodzimodzi mu 2016 kuchokera ku ownCloud. Koma kukhala poyera sikutanthauza kuti wina akuyang'anadi. Bowo lotchedwa Heartbleed mu OpenSSL, pulogalamu yokhomera uthenga wa pa intaneti, linakhala zaka ziwiri lisanaoneke mu 2014, ndipo mu March 2024 katswiri wina, Andres Freund, anatulukira khomo lachinsinsi limene linabisidwa dala mu xz, kapulogalamu kopanikiza mafayilo, atangoona kuti kulowa mu kompyuta kukuchedwa ndi theka la sekondi. Choncho sankhani mapulogalamu odziwika, amene akukonzedwabe, muwatenge pa tsamba la eni ake, ndipo musamakane zosintha zatsopano.

Chachisanu ndi chiwiri: mafayilo, zithunzi, mapu

LibreOffice imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word ndi Excel. Makalata wamba amayenda bwino; ma spreadsheet odzaza ndi ma macro ndiwo amavuta, ndipo chikalata chopita kwa ena ndi bwino kuchitumiza ngati PDF kuti chisasokonekere. Si choseweretsa: boma la dera la Schleswig-Holstein ku Germany linalengeza mu 2024 kuti likusamutsira makompyuta pafupifupi 30,000 ku LibreOffice ndi Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows.

Posungira mafayilo, njira yofewa ndi Cryptomator, imene imakhoma mafayilo anu asanakwere ku Drive kapena Dropbox. Nyumba ndi yomweyo, koma sutikesi ndi yokiya. Zithunzi zingapite ku Ente Photos. Syncthing imalumikiza zipangizo zanu zokhazokha popanda kusunga kanthu kwa munthu wina, koma dziwani kuti mukafufuta fayilo kuno, imafufutikanso uko, ndiye imeneyo si backup. Nextcloud ndi Immich (ya zithunzi) mukhoza kuziika pa seva yanuyanu kunyumba. N'zokoma, koma mlonda, mmisiri ndi wozimitsa moto mumakhala inuyo, ndipo diski ikafa usiku palibe woimbira foni. Ngati zimenezo si zanu, lipirani kampani yaing'ono imene imasungira anthu Nextcloud, palibe manyazi.

Mapu a OpenStreetMap, amene anthu odzipereka akhala akujambula kuyambira 2004, mumawapeza mu Organic Maps kapena OsmAnd. Mumatsitsa dera lonse kamodzi, n'kumayenda nalo popanda intaneti. Pa misewu ndi tinjira ta pansi ndi abwino. Pa nthawi zotsegulira masitolo ndi kuchulukana kwa magalimoto, Google Maps ikadali patsogolo.

Chomalizira, ngati mukufuna: makina enieniwo

Ambiri amayambira apa, ndipo ndi pamene amagwera. Linux ibwere pamapeto, chifukwa mukafika pano Firefox, Thunderbird, Bitwarden ndi LibreOffice mwazizolowera kale, ndipo zonse zilinso pa Linux. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, pamene Windows 11 imakana makompyuta ambiri akale amene akugwirabe ntchito bwinobwino. Ikani Linux Mint pa flash, muyatsire kompyuta pa flash pomwepo osakhudza chilichonse, muyese Wi-Fi, printer, kamera ndi mawu. Zikayenda, sungani kope la mafayilo anu ndiye muike.

Foni ndi yovutirapo. GrapheneOS, imene imaikidwa m'malo mwa Android yobwera ndi foni, ndi yolimba pa chitetezo, koma mafoni amene imadziwika nawo ndi a Pixel, opangidwa ndi Google yemweyo. Inzake, LineageOS, imalowa m'mafoni ambiri, koma mapulogalamu ena a banki amakana kugwira ntchito pa foni yosinthidwa chotere, ndipo mukalakwitsa poika mukhoza kuipha. Ambirife tingoika F-Droid, sitolo ya mapulogalamu a open source pa Android, tifufute nambala imene otsatsa malonda amatizindikirira nayo mu zosintha za foni, ndi kulanda chilolezo cha malo, maikolofoni ndi manambala kwa pulogalamu iliyonse imene ilibe nazo ntchito. Tochi safunika kudziwa kumene muli.

Nanga akaunti yakale?

Musaifufute msanga. Ine ndinapsa nazo: nditasamuka ndinatseka imelo ina yakale mwachimwemwe, ndipo patapita miyezi ndinafuna kulowa pamalo ena pamene ndinasunga zikalata zofunika. Pasiwedi ndinali nayo, koma anati atumiza kodi yotsimikizira ku imelo. Ndinakhala ndikuyang'ana tinyenyezi tija tobisa adiresi, chilembo choyamba ndi chomaliza zikuoneka, ndikudziwa bwino lomwe kuti ndi adiresi imene ndinaikwirira ndekha. Zinanditengera milungu kutsimikizira kuti ndine.

Isiyeni yotsegula chaka chathunthu, chifukwa pali makalata amene amabwera kamodzi pachaka, monga a inshulansi, a msonkho ndi a domain yomwe ija. Muzilowamo mwa apo ndi apo. Google inanena kuti ikhoza kufufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito. Pakadali pano, lowani mu zosintha zake muzimitse kusunga mbiri ya zofufuza, ya malo ndi ya YouTube, mufufutenso zakale. Pakatha miyezi ingapo yesani izi: tulukani mu akauntiyo pa kompyuta kwa mlungu umodzi, pepala lija lili pafupi. Chilichonse chimene chikukakamizeni kulowanso, chilembeni pansi pa mndandanda, ndipo mlungu wotsatira muyambire pamenepo.